Ng'ombe Ziwiri za Joko Imodzi

Anthu akwathu kuno ku Chongwe akamakumbuka 1992 amati chaka cha chimanga chachikasu. Ndikakhala nawo pagulu ndimavomereza, ndimaseka nawo za fungo la ufa wake. Koma mumtima mwanga chaka chimenecho chili ndi dzina lina. Ndi chaka chimene ine Lazalo ndinanamiza mlamu wanga Dominiko, mwamuna wa mlongo wanga wamkulu Telesa. Ndakhala nayo nthawi yaitali nkhaniyi, ndipo yandilemera.

Febuluwale

Mvula inayamba bwino, mwina kuti itinyengerere tiwononge mbewu zonse. Chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, chinayamba kumasula ngayaye. Kenako kumwamba kunangoyera kuti mbee. Sabata yoyamba tinati ndi kang'amba ka masiku onse. Sabata yachitatu masamba anali atapotana ngati a anyezi, ndipo ukadutsa m'munda masana unkamva fungo la udzu wopsa.

Mvula ikakuona litsiro sikata, amatero akuluakulu, ngakhale kuti chaka chimenecho mvulayo ndi imene inasowa. Denkete inali kale m'makola mwathu. Ndi matenda obwera ndi nkhupakupa: ng'ombe imatupa m'munsi mwa makutu, imalira misozi, kenako thovu m'mphuno, basi yapita. Dibi losambitsiramo ng'ombe la m'dera lathu linali litauma zaka ziwiri. Boma linati mlimi azigula yekha mankhwala, alimi tinati tidikire boma likumbuke. Nkhupakupa zokha ndi zimene sizinadikire munthu. Pa ng'ombe zanga zisanu ndi imodzi panatsala Bantomu yekha. M'khola la Dominiko munatsala Kaputeni yekha.

Amene sanagwirepo pulawo amaganiza kuti ng'ombe ndi ng'ombe basi. Si choncho. Pa joko, mtengo uja umamanga makosi a ng'ombe ziwiri, ya kumanja imayenda mumzere wolimidwa kale, ya kumanzere imayenda pamtunda. Iliyonse imaphunzira mbali yake ili yaing'ono ndipo sisintha. Bantomu anali wa mumzere, Kaputeni wa pamtunda. Tinkadziona amwayi, chifukwa ena anatsala ndi ng'ombe ziwiri za mbali imodzi zimene zinkangokankhana pa joko.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, Dominiko anandikokera pansi pa mtengo. Anali munthu wamtali, wosakamba zambiri, wa mtundu uja umene ukalonjeza ngakhale nthabwala umakwaniritsa.

"Mulamu," iye anati, "manje izi ng'ombe ni za joko imodzi. Yako yeka silima, yanga yeka silima. Timvelane: palibe wogulitsa, palibe wopaya, kufikila mvula ikabwela."

"Nimvela, ba mulamu," ndinayankha. "Olo njala ibwele bwanji."

Kulonjeza kunali kosavuta. M'nkhokwe munali mukadali chimanga cha chaka chatha.

Meyi

Kukolola kwake kunali kwa tsiku limodzi. Ine ndi mkazi wanga Esinati tinayenda m'munda monse tikutola tizitsononkho ta njere zowerengeka, ndipo zonse zinakwana m'ngolo ya wilibala. Ana athu atatu anabwera kudzathandiza kunyamula, anapeza palibe choti anyamule.

Chaka chapitacho tinali titavotera boma latsopano, tinavina mpaka fumbi. Tsopano pa wailesi ankatiphunzitsa mawu atsopano: msika waufulu. Depoti imene tinkagulitsako chimanga ndi kutengako feteleza inatsekedwa, mbuzi zinkagona pakhonde pake. Ufa ku Chongwe unkakwera mtengo ngati uli ndi makwerero. Ukapita ndi ndalama ya thumba Lolemba, ukabwerera Lachisanu unkapeza ikukwana chidebe. Ufulu tinaupezadi, ufulu woyang'ana matumba m'sitolo n'kubwerera kunyumba manja lendee.

Tinayamba kudya kamodzi pa tsiku. Esinati ankaphika mochedwa dala, chakumadzulo, kuti ana agone m'mimba muli kanthu.

Ogasiti

Mphekesera zinafika chimanga chachikasu cha thandizo chisanafike. Ena ankati kumene chikuchokera n'chodyetsa nkhumba. Ena ankati mwamuna akadya kwa mwezi sakhalanso mwamuna m'nyumba. Koma galimoto itaima pasukulu, olankhula zonsezi ndi amene anali kutsogolo kwa mzere.

Panali komiti yolemba mayina. Tinaima padzuwa ine ndi Dominiko mpaka tinafika pa tebulo.

"Muli na ng'ombe?" anafunsa wolembayo, munthu wa m'mudzi mwathu momwe, amene Bantomu anamulimirapo munda.

"Imodzi chabe."

"Imodzi ni ng'ombe. Cha mahala ni cha ovutika maningi: nkhalamba, amasiye. Imwe gulitsani ng'ombe, kapena yendani ku museu."

Kumsewu kunali ntchito yolipidwa chimanga. Banja lililonse munthu mmodzi, kukumba ngalande ndi kukwirira maenje, ndipo pakatha masabata awiri unkalandira zidebe zosakwana kudyetsa anthu asanu. Nthawi zina galimoto inkachedwa, tikumagwira ntchito ya chimanga chimene chikadali panjira.

Nanga kugulitsa ng'ombe kumene ankanenako? Chifukwa cha denkete, a zoweta anali ataletsa kutulutsa ng'ombe m'dera lathu. Ku Lusaka, kumene nyama inali ndi mtengo, sukanafika nayo. Ndiye taonani momwe ndinakhalira. Chifukwa cha Bantomu sindinali wovutika woti n'kupatsidwa. Kupita naye kumsika sindikanatha. Kumupha sindikanatha, ndinali nditalonjeza. Ndipo madzulo aliwonse ndinkamudulira nthambi zamasamba kuti adye, ine m'mimba mukulira. Ndinayamba kudana nayo ng'ombe ija, ndikunena zoona.

Mwana wathu wotsiriza, Rozi, anali ndi zaka zitatu. Tsitsi lake linayamba kufiira ndi kupyapyala. Anasiya kusewera, ankangokhala pakhomo ngati kankhalamba. Chimanga chachikasu chinkamutsegula m'mimba. Esinati atapita naye ku kiliniki, namwino anakanikiza chala paphazi la mwanayo, dzenje linatsala.

"Uyu mwana sadwala," anatero. "Afuna vakudya."

Esinati sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangomukhazika Rozi pamiyendo panga n'kupita kukatunga madzi.

Okutobala

Kutentha kwa mwezi umenewu kunkang'amba ndi milomo yomwe. Udzu unatha, madambo anang'ambika. Tinagwirizana kuti ng'ombe ziwirizi tizizipititsa kumtsinje wa Chongwe, ulendo wa theka la tsiku, kumene kunatsala bango ndi tizithaphwi. Tinkasinthana: wina masiku anayi kumtsinje, wina kumsewu.

Kumeneko ndi kumene anandipeza munthu wogula nyama wa ku Lusaka. Dzina lake sindinalidziwe, tinkangomutcha wa kavani, chifukwa cha kagalimoto kake kotsegula kumbuyo. Ankadutsa njira za m'tchire, ankapha ng'ombe pomwepo n'kubisa nyama pansi pa matumba a makala. Anazungulira Bantomu, anamutsina pamsana.

"Mudala, iyi ng'ombe yayonda. Ikafika Novemba izagwa yeka. Nikupasani masaka atatu ya milisi, yoyela, osati ija ya nkhumba."

Milisi ndi chimanga, m'kalankhulidwe ka m'tauni. Anamasula thumba limodzi, ndinalowetsa dzanja. Chimanga choyera, chouma bwino, chonga chathu chakale. Ndinali ndisanachione miyezi inayi.

"Si yanga neka," ndinati. "Tinapangana na mulamu wanga."

"Mulamu wanu ndiye azadyesa bana banu?"

Ndinakana tsiku limenelo. Anati adutsanso mawa. Ndinakhala pamchenga ndikuwerengera njira zonse, ndipo iliyonse inkathera pa phazi la Rozi. Kukamufunsa Dominiko? Ndinkadziwa yankho lake. Akanati tipirire, mvula ili pafupi, ndipo akanandipatsa theka la chimanga chake cha kumsewu, ana ake n'kugona ndi njala. Ndinkaopa ubwino wakewo kuposa mkwiyo wake.

M'mawa mwake Bantomu anaphedwa kuseri kwa chulu. Ndinamangirira Kaputeni patali kuti asamve fungo la magazi, koma analira tsiku lonse. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo: matumba aja wa kavani anakawasiya kwa azakhali a Esinati ku Chongwe, kuti tizikatenga pang'onopang'ono pa njinga.

Ndinalowa m'mudzi ndikukoka ng'ombe imodzi, chingwe chinacho chili paphewa. Dominiko anali atangofika kuchokera kumsewu, fumbi mpaka m'nsidze.

"Bantomu ali kuti?"

Bodza linali litakonzeka, linatuluka mosavuta. "Denkete, ba mulamu. Inavimba mumakutu dzulo, kuseni nayipeza yafa. Nayishoka na moto, monga mwamene bakambila ba veti."

Anavula chipewa. Anandigwira paphewa.

"Pepa, mulamu. Unaisunga bwino ija ng'ombe."

Novembala

Esinati sankapita nacho kuchigayo chimanga chija, anthu akanaona. Ankasinja m'nyumba, chitseko chotseka, mtondo atauika pa chiguduli kuti usamveke. Phala loyera linali la Rozi. Ena tonse tinkadya losakaniza ndi chachikasu kuti mtundu usationetse. Pasanathe masabata awiri mwanayo anayamba kuthamangitsa nkhuku. Ndinkamuyang'ana n'kumadziuza kuti ndinachita bwino. Mwina ndinachitadi bwino. Chimene sindinaganizire n'chakuti bodza langa linali ndi mbali inanso.

Dominiko anasiya kugona tulo. M'mawa uliwonse ankapapasa Kaputeni m'munsi mwa makutu. Ng'ombe ziwirizi zinkamwa pamodzi, zinkagona pamodzi. Ngati denkete yatenga imodzi, inzake ili panjira, aliyense ankadziwa zimenezo. Kaputeni akangotsokomola chifukwa cha fumbi, Dominiko nkhope inkagwa.

"Ba mulamu, iyi ili chabe bwino," ndinkamuuza. "Lindilani."

"Na yako inali chabe bwino. Unakamba weka ati inafa mu siku imodzi."

Tsiku lina masana Telesa anandiitanitsa kuti ndipite kwawo msanga. Ndinapeza kavani kaja kataima pafupi ndi khola. Wa kavani anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire.

"Namvela ati inzake inafa na denkete," anauza Dominiko, maso ali pa ine. "Nyama ya so ni ya kutaya. Nikuthandizani chabe: saka imodzi, ya yelo, ija yachikasu."

Munthu ameneyu anadya chiwindi cha Bantomu, ankadziwa bwino kuti munalibe matenda. Ankadziwanso kuti sindingatsegule pakamwa. Dominiko anatembenukira kwa ine.

"Mulamu, tinapangana kuti palibe wogulitsa popanda munzake. Yako inayenda, koma mau yanga yakali. Univomeleza?"

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Mawu anayi okha akanapulumutsa Kaputeni: ng'ombe yanga sinafe, ndinagulitsa. Akanandimenya mwina, akanandichotsa pa ubale, koma ng'ombe ikanatsala, ndipo ya mumzere tikanaipeza kwa wina. Ndinaona Telesa ataima pakhomo, ndinaona anthu atayamba kusonkhana. Ndinaganiza za komiti, za tchalitchi, za dzina langa. 

"Gulisani," ndinatero.

Madzulo ake Dominiko anabwera kwathu atasenza theka la thumba lija. Analitula pakhomo.

"Iwe yako inafa chabe, sunapezepo kanthu. Ine napezako. Joko inali imodzi, tigabane."

Ndinakana, ndinakanitsitsa, mpaka anakhumudwa. Ndinalandira. Kuseri kwa chitseko chimene anaima pafupi nacho kunali chidebe chodzaza chimanga choyera.

Patapita masiku asanu ndi limodzi mvula inagwa. Inagwa mofatsa usana wonse, ya mtundu uja umalowa pansi osakokolola nthaka. Anthu ankavina pabwalo. Ine ndinakhala m'nyumba.

Januwale

Sindinaonepo mvula yabwino ngati ya dzinja limenelo. Inkagwa, n'kupereka mpata wa dzuwa, n'kugwanso, ngati ikufunsa mlimi chimene akufuna. Amene anali ndi ng'ombe ziwiri analima mpaka kumalire. Ochita ganyu ya pulawo anali ndi mzere wa anthu wautali, ndipo ankafika pa munda wako nthawi yobzala itapita.

Ife tinabwerera ku khasu. Munthu wanjala ndi khasu salimbana nthawi yaitali. Ukagwira pang'ono maso ankachita mdima, unkakhala pansi kudikira kuti dziko lisiye kuzungulira. Komanso masiku ena ankafunika kumsewu, apo ayi dzina lako lichotsedwa. Ukapita kumsewu udzu ukukula m'munda, ukapita kumunda ana alibe chodya sabata yamawa. Ndinalima gawo limodzi mwa magawo atatu a munda wanga. Dominiko, amene munda wake unali waukulu ndiponso wa dothi lolimba, sanafike ndi pamenepo.

Ana ake anayamba kuoneka monga ankaonekera Rozi. Esinati ankawaitana kuti adzadye kwathu, tikumawapatsa phala losakaniza. Telesa ankathokoza ndi mawu ochepa. Tsiku lina anabwereka lichero la Esinati, analibweza madzulo osalowa m'nyumba.

Mbali ya kumsewu ya munda wa Dominiko inamera udzu wofika m'khosi. Nthawi imeneyo anthu a ku Lusaka ogwira ntchito m'maofesi anali atayamba kufuna malo kuno. Pa malo a makolo lamulo lake n'lakuti munda ndi wako pamene ukuulima. Akuluakulu a mudzi anabwera kudzaona, anayankhula mwaulemu ndithu, anati malo ogona sangakanizidwe kwa munthu wofuna kumanga. Pofika kumapeto kwa mwezi panali zikhomo zopaka laimu. Dominiko anapita kukadandaula kawiri, kachitatu sanapitenso.

"Sembe denkete inatisiyila zija zibili," anandiuza tikuyang'ana zikhomozo, "sembe palibe wamene anaponda apa."

Ndinavomera ndi mutu.

Meyi

Chimanga chinabereka ziwiriziwiri paphesi. Kamunda kanga kakang'ono kanadzaza theka la nkhokwe, ndipo ndinkangoganiza kuti munda wonse ukanatipatsa zingati. Ogula anabwera ndi magalimoto mpaka pakhomo, mtengo akutchula okha, popeza depoti inali ikadali nyumba ya mbuzi. Njala inatha. Anthu anayamba kuseka za chimanga chachikasu ngati nkhani yakale.

Ndinapita kukathandiza Telesa kukolola. Dominiko anali atapita ndi mtolo kunyumba, tinatsala awiri pakati pa mapesi. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena, ndiyambire kwa mlongo wanga.

"Ba sisi, pali nkhani ya Bantomu."

Sanasiye kusenda chimanga. "Niziba."

"Muziba chani?"

"Lichelo ya mukazi wako inali na gaga yoyela mumbali. Mu Janyuwale, Lazalo. Munzi onse udya yelo." Anaponya chimanga pamulu. "Nenze kuona Rozi anenepa, bana banga bayonda. Sindine mwana ine."

Ndinati ndipita pompano kukagwada kwa alamu, andichite chimene afuna.

Apa ndi pamene anandiyang'ana. Sanakweze mawu.

"Uzamuuza kuti chikuchoke iwe pamutima, chimukhalile yeve? Ng'ombe alibe. Munda batenga. Chamene chasala ni chakuti akayenda mu njila akamba ati nili na mulamu wamene tinavutika naye pamodzi. Ufuna umupoke na chamene icho? Rozi ni mwana wanga naine, sinikamba kuti sembe anafa. Koma iyi katundu ni yako. Nyamula."

Ndinanyamula. Dominiko anakhala zaka zina khumi ndi zinayi, ndipo sanagulenso ng'ombe. Pamaliro, paukwati, paliponse pamene nkhani ya chaka chija inkabuka, ankandiloza n'kunena kuti uyu ndi ine denkete inatilanda ng'ombe mwezi umodzi, koma sitinakanganepo. Ine ndinkaseka nawo anthu. Ndinkamulimira, ndinkamufolerera nyumba, ndinkamuperekeza kuchipatala, ndipo iye ankauza aliyense kuti mlamu wotere sapezeka.

Pamalo paja pali nyumba ya mpanda wa njerwa tsopano, ndi thanki ya madzi pamwamba. Rozi ndi mayi wa ana anayi, sadziwa kuti phala lake linagulidwa ndi chiyani. Telesa anamwalira chaka chathachi, ndiye palibenso wondiletsa kulankhula, komanso palibe woti ndimupepese.

Atatsala pang'ono kumwalira, Dominiko anatuma Telesa kuti atulutse joko ija kuseri kwa nkhokwe. Inali yosalala m'malo awiri momwe munkakhudza makosi. Anati ana ake ndi a m'tauni, adzaiwaza nkhuni.

"Isunge iwe, mulamu," anatero. "Ndiwe weka nikhulupilila."

Ili m'nyumba mwanga mpaka lero, pamwamba pa chitseko. Ndimadutsa pansi pake m'mawa uliwonse.